Nyama ya gwape ilibe chidindo: mukuidziwa kumene yachokera?

Ng'ombe ikaphedwa pamalo ovomerezeka mu mzinda wa Mzuzu, wazachipatala cha ziweto amayamba waona chiwindi, mapapo ndi ziwalo zina, kenako n'kudinda chidindo. Nyama ya gwape kapena mbawala yofutsa, imene imalowa mu mzinda mobisa m'matumba, sionedwa ndi wina aliyense. Wogula sangadziwe ngati inakodwa pamsampha ku Vwaza kaya ku Nyika, kapena inangotoledwa itafa yokha.

Ngozi yagona pa yofa yokhayo. Matenda a anthrax amapha nyama mwadzidzidzi, ndipo nthawi zambiri magazi osaundana amatuluka m'mphuno ndi m'kamwa. Tizirombo take timatha kukhala m'dothi zaka makumi angapo, ndipo kuyanika nyama padzuwa kapena kuifutsa pautsi sikutipha. Wosenda chikopa amatuluka chilonda chakuda pakati. Wodya amamva kupotokola m'mimba, amasanza, mwinanso kutsegula m'mimba za magazi. Mu 2011, m'boma la Chama ku Zambia, tsidya lina la malire athu, anthu oposa 500 anadwala atagwira kapena kudya nyama ya mvuu zofa mu mtsinje wa Luangwa, ndipo ena anamwalira. Chakumapeto kwa 2018 matenda omwewa anapha mvuu zambiri ku Liwonde.

Ambiri amati lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992 limangoteteza zinyama. N'zoona kuti atalikonza mu 2017 zilango zinakula, mpaka zaka 30 kundende pa milandu ya nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere. Komatu lamulo lomweli silitseka khomo kwa wofuna kuweta nyama zam'tchire. Ayenera kutenga chiphaso ku nthambi yoona za nkhalango zosungirako nyama, ndi kukhala ndi umboni wa kumene nyamazo anazipeza.

Mpanda paokha si chitetezo. Ku America, matenda a muubongo otchedwa chronic wasting disease anayamba kuoneka mu 1967 pa agwape a kumeneko osungidwa mumpanda ku Colorado, ndipo kusamutsa nyama pakati pa mafamu kunathandiza kuwafalitsa. Choncho ngati mlimi wa ku Mzimba kapena ku Rumphi angayambe ulimiwu, nyama yake iyenera kupimidwa ngati ya ng'ombe isanafike pamsika wa Zigwagwa ku Mzuzu.

Amene wagwira nyama yokayikitsa n'kuona chilonda chakuda pakati chija athamangire kuchipatala. Anthrax imachizika ndi mankhwala ngati munthu wafika msanga.