Mau Atatu Ovuta m'Cingelezi: At, On ndi In

M'Cinyanja munthu amati "pa Krisimasi", "pa Loweruka", "pa mwambo", ndipo liu limodzi lomwelo likwanira ponseponse. Koma Cingelezi ciri ndi mau atatu, ndipo liri lonse liri ndi malo ace.

Liu la "on" ndi la tsiku limodzi. Dziko la Zambia linalandira ufulu pa 24 October, 1964; motero kunena kwace ndi "on 24 October" kapena "on Independence Day".

Liu la "in" ndi la mwezi kapena caka, monga "in October" ndi "in 1964".

Liu la "at" ndi la nyengo yonse ya cikondwerero, ndiponso la mwambo umene anthu amasonkhanako. Asoli a m'boma la Chongwe ali ndi mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya imapempha mvula anthu asanayambe kubzala. Amene anakaonerera ayenera kunena kuti anali "at Chakwela Makumbi in October".

Kusiyana kumeneku sikuli kwacabe. Munthu wa ku Chongwe wogwira nchito ku migodi ya ku Kitwe akalembera kapitao wace kupempha chuti "on Christmas Day", wapempha tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo lidzathera pa ulendo. Akalemba "at Christmas", wanena nyengo yonse ya Krisimasi. Koma wocenjera amachulanso masiku ace, nati "from 23 to 28 December", kuti pobwerera ku nchito asapeze mlandu ukumdikira.