Kugula Masipika a M'nyumba: Kusiyanitsa Phokoso ndi Mawu Abwino

Sipika ndi chipangizo chosandutsa mphamvu ya magetsi kukhala mawu. M'kati mwake muli maginito, koyilo ya waya wopyapyala, ndi chipepala cholimba chooneka ngati mbale chimene chimanjenjemera n'kumakankha mpweya. Kapangidwe kameneka anakafalitsa ndi Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America mu 1925, ndipo sikanasinthe kwenikweni. Wailesi za Nzeru zimene zinkapangidwa mu Blantyre muno zinkalira motero, chimodzimodzinso masabufa amene adzaza m'mashopu a ku Limbe lero.

Khutu la wachinyamata limamva kunjenjemera kwa mpweya kuyambira maulendo 20 mpaka 20,000 pa sekondi, ndipo muyezo wake ndi hertz. Pansi pali besi, pakati pali mawu a munthu ndi zoimbira zambiri, pamwamba pali timawu tosongoka ta chisekese ndi nsambo zing'onozing'ono za gitala. Sipika imodzi singakwanitse zonsezi bwinobwino. N'chifukwa chake bokosi labwino limakhala ndi woofer ya mawu apansi ndi apakati, ndi tweeter ya mawu apamwamba, pomwe sabufa ntchito yake ndi besi yakuya yokhayokha.

M'nyumba zambiri za ku Nkolokosa, Chitawira ndi Zingwangwa, chimene chili pabalaza ndi sabufa imodzi yokhala ndi timasipika tiwiri m'mbali, polowetsa fulashi, Bluetooth, wailesi ya FM ndi magetsi othwanima. Zoterezi zinafika pamtengo woti ambiri aufikire, ndipo zinalowa m'malo mwa wailesi za makaseti. Chofooka chake n'chodziwika kwa aliyense amene anamvetserapo mwachidwi: besi imagunda ndithu, timawu tapamwamba timaswa m'khutu, koma pakati pamakhala pobowoka. Woimba amamveka ngati ali kuchipinda china. Kwa anthu okonda nyimbo za uthenga, amene amafuna kumva liwu lililonse la Lucius Banda kapena Phungu Joseph Nkasa, kumeneko n'kutaya chenicheni chimene anagulira chipangizocho.

Wofuna kugula zatsopano amayamba wakumana ndi manambala a pakatoni. Pamalembedwa 3000W kapena 5000W ndi zilembo zikuluzikulu, pambali pake timalemba takuti PMPO. Nambala imeneyi ilibe muyezo umene opanga onse anagwirizana, kotero kuti aliyense amalemba imene wakonda. Yodalirika ndi ya RMS, imene imanena mphamvu imene chipangizo chimatulutsa mosalekeza. Pali njira yachidule yogwirira bodza: kumbuyo kwa bokosi, pafupi ndi nthambo ya magetsi, pamalembedwa mphamvu imene chipangizocho chimadya. Chimene chimadya mawati 60 sichingatulutse mawati 3,000 nyimbo yonse. Ngakhale mawati enieniwo sasintha zinthu kwambiri monga mmene anthu amaganizira. Kuwirikiza mawati kawiri kumawonjezera ma decibel (muyezo wa kukula kwa mawu) atatu okha, ndipo kuti khutu limve kuti mawu akwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Pabalaza la nyumba wamba, mawati 20 kapena 30 enieni pa sipika iliyonse amakwana n'kutsala.

Choncho kuyerekeza kwenikweni kumachitika ndi khutu, ndipo kuli ndi malamulo ake. Choyamba, masipika awiri aziyesedwa pa voliyumu yofanana. Khutu la munthu limanyengeka msanga: likamva ziwiri, yokwera mawu pang'ono limaitenga ngati yabwino, komanso besi imamveka yonona voliyumu ikakwera. Wogulitsa akatsegula mpaka kumapeto, nyimbo yake ili ya amapiano, bokosi lililonse limaoneka ngati dolo. Wogula wochenjera amapita ndi nyimbo zake pa foni kapena pa fulashi, zimene amazidziwa bwino, n'kupempha kuti mabatani a besi ndi treble aikidwe pakati, kenaka n'kumvera kachigawo komweko pa masipika onse awiri motsatizana, chifukwa khutu limaiwala msanga kakomedwe ka mawu.

Nyimbo zoyesera zisakhale za mtundu umodzi. Kwaya ya tchalitchi imaulula zambiri: pa sipika yabwino soprano, alto, tenala ndi besi zimamveka padera padera, pomwe pa yoipa zimangosakanikirana ngati phala. Rege ya Black Missionaries imayesa besi, chifukwa gitala ya besi imayenda, imakwera ndi kutsika, ndipo noti iliyonse iyenera kumveka payokha. Sabufa yotchipa imangoti gu, gu, gu pa noti imodzi ngakhale woimba akusintha zala. Banjo ya Allan Namoko kapena gitala ya Giddes Chalamanda imayesa mawu apakati ndi apamwamba: nsambo ikakhudzidwa imveke kuti yakhudzidwa, popanda kulasa m'khutu. Yeso losavuta kuposa onse ndi nkhani za pa wailesi. Aliyense amadziwa mmene munthu amamvekera akamayankhula, ndiye ngati wowerenga nkhani pa MBC kapena pa Zodiak akumveka wotsekeka mphuno kapena wodzaza chifuwa mopitirira, vuto ndi la sipika. Pomaliza voliyumu itsitsidwe kwambiri. Sipika yabwino imamvekabe bwino chapansipansi, ndipo m'nyumba ya ana asukulu ndi anthu odzuka m'mamawa, nthawi zambiri imalira choncho. Bokosi lenilenilo wogula aligogode ndi chala: lolemera, la thabwa lokhuthala, limangoti thi, pomwe lopepuka limalira lokha ndipo kulirako kumalowa m'nyimbo.

Chimene ambiri sachiganizira ndi chipinda. Sipika yomwe inakoma m'shopu yodzaza makatoni imatha kufika kunyumba n'kumveka mwina. Nyumba zambiri za ku Nkolokosa zili ndi balaza laling'ono, pansi pa simenti kapena matailosi, makoma a pulasitala ndi mawindo a galasi, zonse zobweza mawu. Mawu obwererawo amafika m'khutu mochedwerapo pang'ono n'kusokoneza oyamba aja. Mankhwala ake si okwera mtengo: kapeti kapena mkeka pansi, makatani okhuthala, sofa wa nsalu, shelefu ya mabuku. Masipika awiriwo atalikirane mofanana ndi mtunda wochoka pa iliyonse kufika pamene munthu amakhala, ndipo tweeter ikhale pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi. Kuwasanjika pamodzi pamwamba pa kabati kumapha sitiriyo. Sabufa ikakankhidwira pakona besi imachuluka, koma kawirikawiri imakhala yolilima, choncho ndi bwino kuisuntha pang'onopang'ono mpaka pamene noti zikumveka bwino. Kuli anthu amene akanasunga ndalama zawo akanayamba asuntha zimene ali nazo kale.

Besi ili ndi khalidwe linanso lofunika kulidziwa kumalo kumene nyumba zinayandikana. Funde la mawu a hertz 50 ndi lotalika pafupifupi mamita asanu ndi awiri, ndipo khoma limene limatsekereza mawu apamwamba silikwanitsa kuliletsa. Mwini nyumba amamva nyimbo yonse, koma aneba amangomva kugunda. Kuika sabufa pa chinthu chofewa ndi kuichotsa ku khoma loyang'ana kwa aneba kumachepetsako vutoli.

Wogula masipika ndi ampu (chipangizo chopatsa masipika mphamvu) padera ayang'ane ma ohm. Masipika ambiri a m'nyumba ndi a ma ohm 4, 6 kapena 8, ndipo kumbuyo kwa ampu kumalembedwa malire ake. Kulumikiza masipika awiri a ma ohm 8 pa malo amodzi kumatsitsa muyezowo kufika pa 4, ampu yosalola ma ohm 4 n'kumatentha. Nthambo yofiira ipite kofiira, yakuda kwakuda, pa masipika onse awiri, pakuti imodzi ikatembenuzidwa besi imazimiririka. Tweeter zambiri zimene amisiri okonza mawailesi amalandira zitapsa zimaphedwa ndi ampu yaing'ono yokakamizidwa kupitirira mphamvu yake. Chizindikiro chake ndi mawu osasa, ndipo akangoyamba voliyumu itsitsidwe pomwepo.

Gwero la nyimbo nalonso lili ndi mbali yake. Nyimbo ya MP3 yofinyidwa kwambiri, kapena yojambulidwa kuchoka pa kaseti yotopa, imaonekera poyera kuipa kwake pa sipika yabwino. MP3 ya 320 kbps imasunga zambiri kuposa ya 128 kbps, ndipo Bluetooth nayonso imafinya nyimbo, pomwe nthambo imapereka zonse monga zilili.

Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, ndipo nthawi yoopsa kwa ampu ndi pamene akubwera atazima. Chipangizo chizulidwe pakhoma magetsi akathima, kapena chilumikizidwe kudzera pa kachipangizo kotchinjiriza, kofanana ndi kamene anthu amaika pa firiji. Makutu nawonso ali ndi malire ake. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mawu a ma decibel 80, ndipo mawu akakwera ndi ma decibel atatu okha, nthawi yotetezekayo imatsika ndi theka. Ngati anthu awiri okhala moyandikana pabalaza akuchita kukuwa kuti amvane, voliyumu yapitirira kale muyezo.