Thanki ili ndi chikwangwani, chigubu cha ku Tembwe chilibe

Mwezi wa Okutobala dzuwa la ku Tembwe silinyengerera munthu. Pofika 10 koloko m'mawa nthaka ya m'chigwa cha Luangwa imakhala itayamba kale kuotcha kumapazi, ndipo masana kutentha kumatha kufika madigiri 40. Iyi ndi nyengo yokonzekera dzinja, choncho lole yochokera ku Lundazi kapena ku boma la Chama imafika itasenza mpaka kumwamba, anthu akufuna kututa katundu mvula isanadule misewu.

Imani pambali muone zomwe zikutsitsidwa. Matumba a ufa ndi a feteleza, mabelo a shuga, katoni ya mankhwala opopera thonje yong'ambika pakona. Pakati pa zonsezi pali zigubu zachikasu za malita 20, zija zinabwera ndi mafuta ophikira, koma lero muli petulo. Pakamwa pake aikapo kapulasitiki asanatseke chivindikiro, komabe fungo likukupezani muli patali. Chigubu china chatupa mimba ngati chule kaamba ka dzuwa. Pamwamba pa katunduyo ndi pomwe panakhala anthu ulendo wonse, mayi ali ndi mwana kumbuyo, ndipo sipalephera mnyamata amene wapanira ndudu kukhutu, akudikira kuti galimoto iime ayatse.

Palibe amene akuona chachilendo. Petuloyo mawa adzakhala m'mabotolo pa kathebulo m'mbali mwa msewu, wa njinga yamoto adzaima, wogulitsa adzafunsa kuti "malita angati, abwana?", n'kuthira ndi faneli ya botolo lodula. Moyo umayenda choncho.

Komatu katundu yemweyu, akakhala m'thanki pa msewu wa Great East kapena wa Great North, amayenda ngati mfumu. Thankiyo imakhala ndi chiphaso, zozimitsira moto, dalaivala wophunzitsidwa, komanso chikwangwani chofiira cha lawi la moto ndi nambala yake. Manambalawo si okongoletsa ayi. Anachokera ku malangizo a bungwe la United Nations omwe anatuluka koyamba mu 1956, m'buku lomwe amangolitchula kuti Orange Book potengera mtundu wa chikuto chake. Bukuli linagawa katundu woopsa m'magulu 9. Petulo ali m'gulu 3, la zamadzi zoyaka msanga, nambala yake 1203. Dizilo ndi 1202. Asidi wa ku migodi, uja amadya khungu ndi chitsulo, ali m'gulu 8 ndipo nambala yake ndi 1830. Cholinga n'chakuti wozimitsa moto akafika pangozi, ngakhale dalaivala atakomoka kapena atakhala wolankhula Chiswahili chokha, adziwe chomwe chatayika pongoona nambala.

Zambia nayo si yosauka pa malamulo. Lamulo loyang'anira kanyamulidwe ndi kasungidwe ka mafuta a galimoto linalembedwa mu 1930, dziko likadali Northern Rhodesia. Bungwe la Energy Regulation Board, lomwe ambiri timangoti ERB, linabadwa ndi lamulo la 1995, ndipo mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano lolipatsa mphamvu zina. Ndilo limapereka ziphaso kwa onyamula ndi ogulitsa mafuta. Mankhwala ophera tizilombo ndi ena a poizoni ali m'manja mwa ZEMA, yomwe inalowa m'malo mwa Environmental Council of Zambia kudzera m'lamulo la 2011, ndipo ndondomeko za 2013 zimafuna chiphaso kwa woitanitsa, wogulitsa ngakhalenso wonyamula mankhwalawa. Za dalaivala ndi galimoto yake zili kwa bungwe loona za pamsewu la RTSA. Pamwamba pa apo, mabungwe a COMESA, SADC ndi East African Community akhala akuyesetsa kuti malamulo a pamsewu, kuphatikizapo a katundu woopsa, afanane m'maiko onse, kuti thanki yochokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam isamasinthe malamulo pa chipata chilichonse.

Zonsezi n'zabwino. Vuto n'lakuti amene ankalemba anali ndi thanki m'maso, osati chigubu. Lamulo limaperekeza petulo kuchokera ku depoti mpaka pa pampu, n'kutsanzika. Ulendo wotsala, womwe uli ndi mabampu ambiri, mitsinje yopanda milatho ndi ana ambiri m'mbali mwa njira, petuloyo amauyenda yekha, pa lole ya anthu, pa njinga yakapalasa, nthawi zina pamutu.

Ngakhale mtengo umanena zomwezo. Kuyambira 2010 Zambia ili ndi mtengo umodzi wa mafuta pa pampu iliyonse, kaya ku Lusaka kaya ku Chama. Koma mlimi wa mpunga wokhala kutali ndi pampu sagula pa mtengo wa ERB. Amagula pa mtengo wa mwini chigubu, amene naye analipira thiransipoti, ndipo dzinja likafika mtengowo umakwera limodzi ndi madzi a mumtsinje.

Anthu ambiri amaganiza kuti choopsa pa petulo ndi madzi akewo. Si choncho. Chimayaka ndi nthunzi yake, yomwe imalemera kuposa mpweya, motero siuluka m'mwamba koma imakwawa pansi ngati njoka mpaka ikapeze mbaula kapena koloboyi m'chipinda china. Chigubu cha mafuta ophikira sichinapangidwire petulo: dzuwa likachiomba chimatupa, chivindikiro chimapuma, ndipo pulasitiki ikamakwechana ndi zinthu zina imatha kusunga kamphamvu ka magetsi kotulutsa kamoto pothira. Moto wake ukabuka, kuthirapo madzi n'kuuperekeza, chifukwa petulo amayandama pamwamba pa madzi n'kumayenda nawo. Mchenga ndiwo umathandiza. Ndi angati ogulitsa m'mabotolo amene anauzidwapo zimenezi ndi munthu wa boma?

Zomwe petulo angachite kwa anthu onyamula zigubu, a ku Tete ku Mozambique amazidziwa. Pa 17 Novembala 2016, m'mudzi wa Caphiridzange m'boma la Moatize, thanki yomwe inkachokera ku Beira kupita ku Malawi inali itapatuka pa msewu waukulu, ndipo anthu anakhamukirapo ndi zigubu ndi zidebe kudzatunga. Inaphulika. Anthu oposa 70 anafa, ena ambiri anapsa modetsa nkhawa, ndipo boma la Mozambique linalengeza masiku atatu a maliro a dziko. Ambiri mwa anthuwo sanali mbava zodziwika; anali anthu a m'mudzi omwe anaona mwayi wa sopo ndi mchere ukutayikira pansi. Ku Congo nako, mu Febuluwale 2019, thanki ya asidi yopita ku mgodi wa Mutanda inagubuduka n'kupha anthu pafupifupi 20. Chikwangwani chingathe kukhalapo, koma ngati oima pambali sanaphunzitsidwe kuchiwerenga, ndi chithunzi chabe.

Ku Tembwe, kumene thanki zikuluzikulu sizidutsa kawirikawiri, nkhawa yanga yaikulu ili pa mankhwala a thonje, chifukwa iwo sachita phokoso. Malangizo a mabungwe a FAO ndi WHO amaletsa kunyamula mankhwalawa pamodzi ndi chakudya kapena anthu. Koma botolo likadontha m'lole, thumba la ufa loyandikana nalo limamwa mwakachetechete, ndipo palibe amene angataye ufa wogula ndi ndalama yovutikira. Mankhwala ambiri otere amalowanso pakhungu, kotero wonyamula katoni yonyowa paphewa, thukuta lili kamukamu, wamwa kale asanatsegule pakamwa. Botolo likatha, silitayidwa. Mumalipeza m'khitchini muli mchere. Malangizo amati litsukidwe katatu, madziwo athiridwe m'sipuleya, kenaka libooledwe, koma mawu amenewa alembedwa m'Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono, pomwe wogula amalankhula Chisenga. Ndi ochepa amene anafotokozeredwa kuti mzere wa mtundu uli kumunsi kwa pepala la pabotolo uli ndi uthenga: wofiira ndi poizoni woopsa kwambiri, kenaka wachikasu, wabuluu, mpaka wobiriwira.

Tisaiwalenso kuti Chama ndi boma lomwe lakhala likusamutsidwa. Mu 2011 linachotsedwa ku chigawo cha Kummawa n'kuikidwa ku Muchinga, ndipo mu 2021 linabwezedwanso. Likulu la chigawo linali Chipata, linakhala Chinsali, lero ndi Chipata kachiwiri. Kwa munthu wa ku Tembwe konseko n'kutali, ndipo woyendera malamulo wochokera kumeneko sangakhale pa lole iliyonse.

Ena anganene kuti apolisi angolanda zigubu zonse. Ine sindikugwirizana nazo. Chigayo chimafuna dizilo, ndipo njinga yamoto yothamangitsira mayi woyembekezera ku chipatala usiku imamwa petulo wa m'botolo yemweyo. Mukaletsa popanda kuika china m'malo mwake, zigubu sizitha; zimangochoka pa msewu n'kukabisala kunsi kwa bedi, pafupi ndi ana ogona. Chofunika ndi lamulo loyeza msinkhu wa mudzi. Wogulitsa wamng'ono athe kupeza chiphaso chotsika mtengo ku khonsolo ya Chama osakafika ku Lusaka, asunge mafuta m'mgolo wachitsulo pamthunzi, kutali ndi nyumba zogona, ndowa ya mchenga ili pambali. Makampani a thonje, omwe amadziwa kufikitsa mbewu ndi mankhwala a ngongole kwa mlimi aliyense ndiponso kumupeza nthawi yogula, akakamizidwe kutenganso mabotolo otha pa ulendo womwewo. Njira akuidziwa kale.

Ndondomeko zoterezi sizilira kudikira lamulo lalikulu. Nduna imasaina, zimatuluka mu Government Gazette, zayamba kugwira ntchito. Koma zisanasainidwe pamakhala nthawi yomva maganizo a anthu, ndipo kawirikawiri omwe amamveka ndi eni mathanki ndi makampani a mafuta, poti ndiwo ali ndi maloya ndi galimoto zofikira ku msonkhano. Dalaivala wa lole ya ku Chama, mayi wogulitsa parafini, mlangizi wa zaulimi ndi nduna za Amfumu a Tembwe sakhalapo, chonsecho ndiwo akudziwa pomwe chigubu chimadonthera.

Choncho a khansala, a komiti ya chitukuko ya m'wadi, ndi inu aphungu a Chama South, ERB kapena ZEMA ikadzaitananso maganizo pa ndondomeko zatsopano, pemphani kuti msonkhano umodzi udzachitikire ku Tembwe, m'Chisenga, mvula isanagwe. Ndipo inu okwera lole sabata ino, musanakhale pansi funsani kondakitala kuti zigubu waika mbali iti, ndipo thumba lanu la ufa lili pafupi ndi katoni yanji.