Monita yachimsana: zoyenera kudziwa musanatulutse ndalama

Kwa Chimaliro, m'boma la Thyolo, kompyuta sikatundunso wa m'maofesi a maesiteti a tiyi okha. Pa Goliati ndi m'misika ina ya m'derali mumapezeka anyamata oika nyimbo m'mamemori ndi olembera anthu makalata ofunsira ntchito. Chitsegulireni yunivesite ya MUST ku Ndata mu 2014, makolo ambiri akufuna kuti ana awo azolowere kompyuta akadali ku sekondale. Chovuta ndi ndalama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja adakwera mtengo, ndipo ambiri maso ali ku kaunjika wa ku Limbe. Kumeneko, kapena m'stoo ya ofesi ina, munthu amakumana ndi monita yachikale yotchedwa CRT, yolemera, yachimsana chachikulu, pamtengo wotsika zedi, mwinanso yaulere. Kodi aitenge?

Luso lake n'lakale. Katswiri wa ku Germany, Ferdinand Braun, ndiye adapanga chubu choyamba cha mtunduwu mu 1897. Chubucho ndi botolo lagalasi lopanda mpweya, ndipo kumbuyo kwa botololo kumachoka kamtsinje ka mphamvu yamagetsi komwe kamawomba galasi lakutsogolo n'kuliwalitsa mzere ndi mzere. Kuti zimenezi zitheke pamafunika mphamvu ya ma volt pafupifupi 25,000. Makampani akuluakulu adasiya kalekale kupanga mamonita otere. Sony idatseka mtundu wake wotchuka wa Trinitron mu 2008. Choncho CRT iliyonse imene mungaione lero yagwira kale ntchito zaka zambiri, ndipo zipangizo zake zatsopano kulibe.

Mtengo wake weniweni umaonekera pa mita ya ESCOM. CRT ya mainchesi 17 imadya mawati pafupifupi 75, pomwe sikirini yopyapyala ya LED ya msinkhu womwewo imadya pafupifupi 20. Wabizinesi wotsegula maola 8 pa tsiku kwa masiku 26 amathera mayuniti oposa 15 pamwezi pa CRT yokha, pamene mnzake wa LED amathera 4 ndi pang'ono. Kusiyana kwa mayuniti 11 mwezi ndi mwezi kumapitirira 130 pachaka. Ndalama imene munthu amati wapulumutsa tsiku logula imapita pang'onopang'ono kwa wogulitsa mayuniti.

Kwa odalira sola nkhani njoipirapo. Batire ya ma volt 12 ndi 100Ah, ngati simufuna kuipha msanga, imapereka mphamvu yoyatsa CRT yokha maola ngati 8, kompyuta yeniyeniyo tisanaiwerengere. Sikirini ya LED ingayake maola 30. Komanso CRT imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi poyatsa, moti inveta yaing'ono imalira n'kuzima. Amene akukumbukira mdima umene udabwera namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, akudziwa kuti chipangizo chosakhoza kuyaka ndi batire chimaimitsa ntchito.

Sikuti CRT ilibe ubwino. Galasi lake n'lolimba, ana sangaliboole ndi chala kapena pensulo. Mitundu imaoneka bwino ngakhale mutakhala chammbali, ndipo wakuba savutikira katundu wa makilogalamu 15. Banja limene lili ndi magetsi a ESCOM, lofuna kuti mwana aziphunzira kutaipa ola limodzi madzulo, likhoza kuilandira ikapezeka yaulere.

Koma safunsa adadya phula. Musailandire musanaione ikuyaka, ndipo muisiye iyake mphindi 20, pakuti zilema zambiri zimatuluka ikatentha. Tsegulani tsamba loyera: likaoneka lachikasu, lofiirira kapena lamdima ngakhale mwakweza kuwala, kawirikawiri ndiye kuti chubu chatopa. Muone ngati zilembo za m'makona zikuwerengeka ngati zapakati, ndiponso ngati palibe chithunzithunzi cha mawu akale chopsereza galasi. Mabanga obiriwira kapena ofiira m'mbali amabwera ndi maginito. Sunthani masipika, dinani batani lolembedwa degauss, ndipo akapanda kuchoka isiyeni. Sikirini yophethira imapweteketsa mutu, choncho pemphani wogulitsa aiike pa 75 kapena 85Hz, osati 60. Pomaliza werengani timano ta pulagi yabuluu ya VGA: pasakhale topindika. Makompyuta ambiri atsopano alibe VGA, ali ndi HDMI, ndiye adaputala nayo ifuna ndalama.

Nyengo ya ku Thyolo nayonso simvana ndi CRT. Chiperoni chimene chimakometsa tiyi chimalowetsa chinyezi m'nyumba, ndipo chinyezi chikakumana ndi fumbi pamalo a magetsi amphamvu chotere, monita imayamba kuthetheka ndi kununkha chopserera. Mukamva zimenezo zimitsani msanga. Muiike patali ndi zenera, musatseke timabowo ta pamwamba ndi nsalu ikuyaka, ndipo musaitsegule nokha, chifukwa chubu chimasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi tsiku limene idzafe. Galasi la CRT imodzi limakhala ndi mtovu wokwana kilogalamu kapena kuposa, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana moti subwereranso. Ofuna waya wa mkuwa amaphwanya mamonita ndi kuotcha mapulasitiki ake, zotsala n'kuzitaya kudzala. M'dera la mvula yambiri, momwe mabanja amamwa madzi a pachitsime ndi kulima tomato m'madimba, kutaya kotereku n'kudzithira poizoni. Pangano la Basel la 1989 lidakhazikitsidwa pofuna kuletsa maiko olemera kutayira zinyalala zoopsa kwa osauka, komabe zipangizo zotha ntchito zimalowa ndi dzina la kaunjika kapena mphatso.

Choncho amene ali ndi bizinesi, ofesi kapena sola adikire, aonjezere ndalama, agule sikirini yopyapyala ngakhale yakaunjika. Amene ali nayo kale CRT aisamale, ndipo ikadzafa aisunge yathunthu pamalo ouma, afunse ku ofesi yoona zachilengedwe ku khonsolo ya Thyolo za katayidwe kake, asaipereke kwa ana kuti akaseweretse.