Za Mganda, Malipenga ndi Beni

Pa sukulu pathu pano pali mkangano umene sukutha. Anyamata ochokera ku Nkhata Bay ndi ku Likoma amati palibe gule woposa malipenga, ife a ku Ntchisi ndi ku Dowa timati mganda ndiye mwini bwalo, ndipo anzathu a ku Mangochi amangotiseka tonse, amvekere beni ndiye tate wa onsewo. Akonzi a magazini ino anandipempha kuti ndilembepo kanthu, popeza ndinakulira m'mudzi wa mganda, ndipo amalume anga anaimba ng'oma yaikulu zaka zambiri. Tsono ndifuna kufotokoza kumene magule atatuwa anachokera, mmene amavinidwira, ndi chimene chimachititsa anthu kuyenda mitunda yaitali kukawaonera.

Poyamba tidziwe kuti magule amenewa si akale monga gule wamkulu kapena vimbuza. Makolo athu amene anakhalako Azungu asanafike sanawadziwe konse. Mbiri yake iyambira ku gombe la nyanja yamchere, m'mizinda ya Aswahili monga Lamu ndi Mombasa, cha m'ma 1890. Anyamata a kumeneko ankaona asilikali a Azungu akuguba ndi ng'oma ndi malipenga a mkuwa, ndipo anayambitsa magulu awoawo opikisana. Dzina lakuti beni linachokera ku liwu la Chingerezi lakuti band. Ku Mombasa gulu lina linkatchedwa Kingi, lina Scotchi, ndipo ku Tanganyika kunali Marini ndi Arinoti. Magulu amenewa ankalimbana pa kavalidwe, pa nyimbo ndi pa kuchuluka kwa anthu owatsata. Apa ndiyenera kuvomereza kuti anzathu a ku Mangochi ali ndi mfundo, ngakhale sindifuna kuti atukumuke nazo.

Chimene chinabweretsa gule ameneyu kuno kwathu ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolira motsatizana. Dziko lathu, limene nthawi imeneyo linkatchedwa Nyasaland, linachita malire ndi dziko la Ajeremani kumpoto, ndipo mu September 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Amuna pafupifupi 19,000 analembedwa usilikali, ambiri a iwo m'gulu la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902. Ena ochuluka koposa, pafupifupi 200,000, anatengedwa kukagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza zakudya ndi zipolopolo kudutsa m'mapiri ndi m'madambo. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Amene anabwerako nkhondo itatha mu November 1918 anali ataona perete, atamva malipenga a m'mawa ndi a madzulo, ndiponso atakumana ndi beni m'misasa ya ku Tanganyika. Zimenezi anafika nazo kumudzi. Pakati pa Ayao dzina la beni linakhala momwemo. Atonga ndi anthu ena a kumpoto m'mbali mwa nyanja anatcha gule wawo malipenga. Ndipo ife a m'chigawo chapakati tinati mganda. Aliyense wopita ku Zomba akaone chipilala chachitali chokumbukira asilikali a K.A.R., ndipo akumbukire kuti gule amene timavina mokondwayu anabadwira m'masautso a anthu amenewo.

Gulu la ovina limatchedwa boma, ndipo lili ndi maudindo monga boma lenileni. Pamwamba pali Kingi, amene kawirikawiri savina ayi, amangokhala pa mpando atavala jekete, nkumayang'ana anyamata ake. Pansi pake pali akapitawo olamula mizere, ndiponso pali dokotala ndi nesi. Ntchito ya dokotala si kupereka mankhwala kwenikweni, koma kuyendera ovina asanalowe m'bwalo, kuona ngati asamba, ngati zikhadabo ndi zowenga, ngati malaya ndi ochapa. Wauve amabwezedwa pamaso pa anthu, ndipo palibe manyazi oposa amenewo kwa mnyamata amene wadikira tsikuli chaka chathunthu. Chifukwa chake usiku wa dzulo lake simbi ya makala imayenda nyumba ndi nyumba mpaka tambala woyamba.

Kavalidwe kamasiyana pang'ono malinga ndi dera. A malipenga amakonda kabudula woyera wosita bwino, malaya oyera, tayi, masokosi aatali ofika m'mawondo ndi nsapato zoyera, ndipo amavina mwaulemu, mosafulumira, ngati mabwana amene sakufuna kudetsa zovala. A beni amavala zofanana kwambiri ndi za asilikali, zipewa ndi mamendulo omwe, ndipo kavinidwe kawo nkamphamvu, ka mapewa ndi chifuwa. Ife a mganda tili pakati: timaima m'mizere monga a malipenga, koma phazi lathu limagunda pansi kolimba mpaka fumbi kuti kobo. Kale zovala zimenezi zinkachokera kwa abale ogwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Mudzi umene unali ndi anthu ambiri kunja unkaoneka ndi kuwala kwa boma lake.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ndichikonda koposa, ndicho lipenga lenilenilo, limene kwathu timati badza. Asilikali obwerera kumudzi analibe ndalama zogulira malipenga a mkuwa, tsono anatenga chikho. Mlendo akaona mnyamata atanyamula chikho kukamwa amayesa kuti akuuzira mpweya monga achitira a bandi ya polisi. Iyayi, sauzira. Amaimba nyimbo ndi mawu ake a pakhosi kulowetsa m'chikhomo, ndipo chikho chimasintha mawuwo kuti amveke ngati a lipenga.

Kapangidwe kake nkotere. Munthu amasankha chikho chouma bwino, cha khosi lalitali ndi lowongoka. Amadula kumimba kwake kuti pakhale kamwa lotambalala lotulukira mawu, nkuchotsa njere ndi zonse za m'kati, nkupala mpaka musalale. Kenaka amadula kansonga ka kukhosi, ndipo chapafupi ndi nsongayo, cham'mbali, amaboola kabowo koikapo milomo. Chinsinsi chonse chili pa nsongapo. Pamenepo amamatapo kachikopa koyera, kopyapyala, kamene kangaude wa m'nyumba amakutira nako mazira ake pa khoma kapena ku denga. Munthu akaimbira pa kabowo kaja, kachikopako kamanjenjemera, ndipo kunjenjemera kumeneko ndiko kumapatsa mawu ukali wonga wa mkuwa. Mimba ya chikho imangowakuza ndi kuwaponya kutali. Kachikopa kakathina kwambiri lipenga limakhala duu, kakalekerera limangopuma ngati munthu wachimfine. Amalume ankatituma ife ana kukasaka timazira ta akangaude m'makhitchini a eni ake, ndipo amayi ena ankatithamangitsa poyesa tabwerera nsima ya dzulo. Masiku ano ambiri amangodula kapepala ka pulasitiki kopyapyala. Nkolimba ndithu, sikang'ambika ndi thukuta, koma kwa ine mawu ake ndi ouma.

Zikho sizikhala za msinkhu umodzi. Zazing'ono zimatenga mawu okwera, zazikulu zimatenga mawu otsika, ndipo zikalira pamodzi makumi awiri kapena atatu mumamva magawo a mawu monga m'kwaya ya ku tchalitchi. Pambali pake pali ng'oma ziwiri: yaikulu ya nkhope ziwiri, imene imapereka phazi, ndi yaing'ono imene imathamanga pakati pake. Wenzulo wa kapitawo ndiye amauza mizere nthawi yotembenuka, yogwada ndi yosintha sitepe. Nyimbo imayamba ndi pakamwa kuti anthu amve mawu ake, kenaka onse pamodzi amakweza zikho nkuibwereza m'malipenga. Nthawi imeneyo, anzanga, ngakhale nkhalamba ya ndodo imaiwala msana.

Gule ameneyu sakoma mudzi ukamavina wokha. Kukoma kwake kuli pa ulendo. Anthu akatha kukolola, boma limodzi limalembera kalata boma la mudzi wina kuliitana, ndipo kalatayo imalembedwa mwaulemu wonse, ndi tsiku lake. Kukana nkovuta, pakuti kumatanthauza mantha. Tsono kwa milungu ingapo anyamata amakonzekera madzulo kuseri kwa mudzi, kubisa masitepe atsopano kuti akazitape a mudzi winawo asawabe. Tsiku likafika amanyamuka m'bandakucha, zovala zovinira atazipinda m'masutukesi, pakuti palibe amene angayende nazo m'fumbi. Pambuyo pawo pamabwera amayi, alongo awo, ana ndi ena ongotsata. Ine ndinayendapo ulendo wotere ndili mu Sitandade 6. Tinayenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, ndipo ntchito yanga inali kunyamula zikho zitatu za amalume ndi kusamala kuti zisagundane. Eni mudzi amalandira alendo ndi thobwa, amapha mbuzi, amawapatsa nyumba zovaliramo. Mudzi woumira pa chakudya mbiri yake imaipa kuposa mudzi wosadziwa kuvina.

Anzathu a kunyanja amandiuza kuti kwawo nyengo yaikulu ndi ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, pamene ogwira ntchito kutali amabwera kudzaona kwawo. Kumeneko njira ndi madzi. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 ndi kuyamba ntchito pa nyanja yathu mu 1951, yanyamula anthu zaka zambiri pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, kudzera ku Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay. Ndimaganiza za mnyamata wotsika m'sitima kulowa m'boti, mafunde akuwinduka, iye atakweza sutukesi pamutu kuti kabudula woyera asanyowe.

Nanga wopambana amadziwika bwanji? Pa mipikisano ya masiku ano pamakhala oweruza okhala pa tebulo ndi mapepala, koma kumudzi woweruza ndi khamu. Maboma awiri akamavina mbali ziwiri za bwalo, anthu amakhamukira kumene kwakoma, ndipo mbali inayo imatsala ndi achibale okhaokha. Amayi amalulutira, amalowa m'bwalo kukapukuta thukuta la wovina bwino ndi kampango, ena amasupa ndalama. Chifukwa palibe chigoli chowerengeka, mbali zonse ziwiri zimabwerera kwawo zikunena kuti zapambana, ndipo mkangano umakhalapo mpaka chaka chamawa. Amene mumakangana Loweruka lililonse za Bullets ndi Wanderers musayese kuti munayamba ndinu. Wanderers inayamba mu 1962, Bullets mu 1967, koma midzi yathu inali itayamba kale kutsata magulu awo, kuwaimbira, ndi kunyoza a tsidya lina zaka makumi anayi m'mbuyo mwake.

Pali anthu ena ophunzira amene amanyoza magule amenewa. Amati nkungotsanzira Azungu, ndipo mtundu wodzilamulira suyenera kunyadira kabudula wa bwanamkubwa. Ena amayankha kuti makolo athu ankawaseka Azunguwo mochenjera, pakuti ndani angamange munthu chifukwa chovina perete? Akatswiri a mbiri analembapo zambiri. J. Clyde Mitchell analemba mu 1956 za kalela, m'bale wake wa beni amene ankavinidwa ku migodi ya ku Luanshya, nayenso wokhala ndi dokotala ndi nesi wake. Ndipo Terence Ranger anatulutsa buku la mbiri ya beni mu 1975. Ine maganizo anga ndi akuti onyozawo amayang'ana zovala osamvera nyimbo. Nyimbo za mganda zili m'chinenero chathu, amapeka ndi anyamata a m'mudzi momwemo, ndipo zimanena za msonkho, za njala, za mwamuna wotchona amene anaiwala mkazi ndi ana, za mfumu yokondera pa milandu. Munthu amene waimbidwa pa bwalo, midzi isanu ikumva, sagona tulo. Msilikali wa Mzungu sankaloledwa kuimba zotere pa perete.

Hugh Tracey anayenda m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958 kujambula nyimbo za makolo, ndipo zimene anajambulazo zimasungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Nzabwino kuti zilipo, koma chimene chikundidetsa nkhawa nchakuti m'mudzi mwathu amene akudziwa kupanga badza atsala atatu, ndipo onse ndi a imvi. Anzanga a msinkhu wanga amathera madzulo m'nyumba zoonetsa mpira wa ku England, ndipo amadziwa maina a osewera a Arsenal kuposa masitepe a boma la kwawo. Zikho zomwe zayamba kusowa, popeza amayi amatungira madzi m'makapu a pulasitiki ndipo sabzalanso mbewu yake.

Tinakambirana ndi anzanga a ku Nkhata Bay kuti teremu ya mawa tiyambitse maboma awiri pa sukulu pano, ngati aphunzitsi aakulu atilola kugwiritsa ntchito bwalo la mpira Lachisanu madzulo. Ng'oma tidzabwereka, makabudula oyera a masewera tili nawo kale. Chosowa ndi zikho. Tsono ndikupempha aliyense wopita kumudzi pa tchuthi chino kuti afunse kwa agogo, ndipo abwere ndi chikho chimodzi kapena ziwiri, zouma, za khosi lalitali, zopanda mng'alu. Musazidule nokha, mudzabwere nazo zathunthu, ndipo muziike pakati pa zovala m'sutukesi, pakuti m'basi zimasweka msanga.