Ndakatulo ndi Chithunzi pa Tsamba Limodzi: Phunziro la ku Mua

Liwu loti "chithunzi" m'Chichewa limaimira chojambulidwa ndi kamera, chojambulidwa pamanja, ndiponso chimene mlakatuli amaika m'maganizo mwa womvera, chomwe aphunzitsi amachitcha "chithunzithunzi". Funso limene alembi ndi akonzi a mabuku amakumana nalo ndi lakuti: kodi ndakatulo ndi chithunzi cha kamera zingakhale bwanji ntchito imodzi?

Chitsanzo chabwino chidachokera ku Mua, m'dera la Mfumu Yaikulu Kachindamoto m'boma la Dedza. Kumeneko Bambo Claude Boucher Chisale adakhazikitsa malo a zachikhalidwe a KuNgoni mu 1976, ndipo kwa zaka zambiri adasonkhanitsa nyimbo za Gule Wamkulu. Mu 2012 mudatuluka buku lawo lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance, momwe zithunzi za zilombo zidayendera limodzi ndi nyimbo zake m'Chichewa.

Nyimbo za Gule ndi ndakatulo za pakamwa: ndi zazifupi, zobwerezabwereza ndiponso zodzaza ndi zining'a. Chithunzi cha Chadzunda chimaonetsa nkhope ndi zovala, koma sichinena chimene chilombocho chikulangiza pabwalo. Nyimbo nayo payokha imasowa nkhope yoinyamula. Chimene diso laona, khutu limamasulira. Mutu umodzi susenza denga.

Motero ndakatulo isasandutsidwe mawu ofotokozera chithunzi. Mawu ofotokozera amangotchula dzina, malo ndi chaka. Ndakatulo imanena zimene kamera singathe kugwira, monga kulira kwa ng'oma, fungo la fumbi, kapena chisoni cha pamaliro pamene Kasiyamaliro akutuluka. Mlakatuli akangobwereza zimene aliyense akuziona kale, ndiye kuti chimodzi mwa ziwirizo chataya ntchito.

Chithunzi chimathandizanso pa kalembedwe. Chichewa cha m'mabuku sichilemba kukwera ndi kutsika kwa liwu, choncho "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa mofanana, monganso "khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso. Mu ndakatulo ya mizere inayi mulibe malo ofotokozera. Chithunzi ndicho chimasankha tanthauzo, kapena kulola dala kuti onse awiri amveke.

Pomaliza pali nkhani ya ulemu. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005, ali ndi eni ake ndi mwambo wake. Kwa Achewa chimene chili pa chithunzi ndi chilombo, osati munthu wovala chigoba. Mkonzi amene walakwitsa liwu limeneli walakwira mudzi wonse, ngakhale chithunzicho chikhale chokongola chotani. Asanasindikize, ayambe wafunsa eni nyimbo za kalembedwe ka dzina la chilombo ndiponso za mawu amene ali oyenera kuikidwa poyera.