Cholembera cha Mlombwa ndi Golide Wosachedwa Kutha

Pa malo ogwirira ntchito akalipentala athu, ku Kapata ndi m'makomboni ena a Chipata, zidutswa za mlombwa zotsala popanga zitseko ndi mipando kawiri-kawiri zimathera pa moto. Komatu kadutswa kotalika masentimita 13 ndi konenepa masentimita 2 n'kokwanira kupanga cholembera chimodzi chokongola. Amisiri a ku South Africa, Britain ndi America akhala akupanga zolembera zotere kwa zaka zambiri, ndipo sitikuona chifukwa chimene anyamata athu ophunzira za matabwa ku Chipata Trades angalepherere, poti alendo opita ku Mfuwe amadzera pakhomo pathu pomwe, ndiponso chaka ndi chaka timafuna mphatso za ana otsiriza Giredi 12, za akwati ndi za ansembe atsopano.

Mtengo tili nawo. Chimene mmisiri ayenera kugula kunja ndi tizitsulo take: nsonga yotulukira inki, mphete ya pakati, kopanira pa thumba la malaya, timapaipi tiwiri tolowa m'kati mwa mtengo, ndi kachipangizo kopotokola. Timagulitsidwa pamodzi m'kathumba, ndipo tambiri timapangidwa ku Taiwan ndi ku China. Mmisiri amaboola mtengo (kwa zolembera zowonda, bowo limakhala la mamilimita 7), namatamo kapaipi ndi guluu, nausema pa makina ozunguza mtengo mpaka usalale. Apo ndiye amapanikizira tizitsulo tija m'malo mwake. Tsono wogula tizitsulo amapeza kuti mtundu umodzi womwewo uli ndi mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo kusiyana konse kwagona pa chimene anakutira pamwamba.

M'kati mwa tizitsulo tambiri muli brasi, ndiye mkuwa wosakaniza ndi zinki. Kukuta kwake amachita ndi magetsi. Amamiza kachitsulo m'madzi osungunulamo mankhwala a golide kapena a chitsulo china, nakalumikiza ku waya; magetsi akamayenda, golide amachoka m'madzimo nakakamira pa kachitsulo pang'ono-pang'ono. Woyamba kuchita zimenezi anali Luigi Brugnatelli wa ku Italy mu 1805, ndipo mu 1840 a Elkington a ku Birmingham anazisandutsa malonda aakulu. Ife a m'Zambia nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife, ngakhale ambiri sitidziwa. Abale athu amene anagwirapo ntchito yoyenga mkuwa ku Mufulira angatiuze kuti kumeneko mkuwa wosayera umasungunuka m'madzi a asidi ndi mphamvu ya magetsi, nukamatira woyera pa chimbale china. Njira ndi yomweyo. Mkuwa wathu umatuluka m'dziko pa malole aakulu, ndipo n'kutheka kuti wina umabwerera kwa ife m'kathumba ka pulasitiki, utavala golide, pa mtengo wochuluka kwambiri.

Golide ameneyu ndi wopyapyala kotheratu. Amamuyeza ndi muyeso wotchedwa micron; ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi, ndipo tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupi-fupi ma micron 70. Pa zinthu zotsika mtengo golide safika ngakhale micron imodzi. Tangoganizani tsono za cholembera cha mphunzitsi wa ku Chadiza kapena ku Katete, chimene chimalowa ndi kutuluka m'thumba tsiku lonse, m'zala za thukuta la mwezi wa Okutobala ndi fumbi la choko.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Tinazolowera kumva kuti golide wa makarati 24 ndiye weni-weni, ndipo n'zoona: ndiye wosasakaniza. Koma golide wosasakaniza ndi wofewa, choncho pa cholembera ndiye woyamba kutha. Opanga amamupaka kavanishi koonekera kuti amuteteze, koma kavanishiko kakapalika pa nsonga ndi pa kopanira, golide amaperesekanso msanga, chitsulo chotuwa cha pansi n'kuyamba kuonekera. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Golide wa makarati 10 ali ndi magawo 10 okha a golide pa magawo 24, otsalawo ndi zitsulo zina. Ndi wolimbirapo, ngakhale kuti nayenso amatha. Amai amene anagulapo ndolo kapena mphete "za golide" pa msika, naona chala chitasanduka chobiriwira isanathe mvula imodzi, akudziwa zimene tikunena. Kubiriwirako ndi mkuwa wa pansi ukukumana ndi thukuta.

Amene afuna mtundu wa golide wosatha msanga asankhe chimene ogulitsa amachitcha titanium gold. Kunena zoona chimenechi si golide, koma titanium yosakaniza ndi mpweya wa nitrogen, imene amaikuta pa chitsulo m'chipinda chopopedwa mpweya wonse, osati m'madzi. Mwaionapo kale: nsonga zachikasu zoboolera zitsulo zimene zimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira zinakutidwa ndi yomweyi. Chinthu chopirira kuboola chitsulo sichingaope thumba la malaya. Pali ina yakuda ya mtundu womwewo. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma ife tikuona kuti pa mphatso yoti munthu asunge zaka zambiri, ndalamazo sizinatayike.

Chrome ndiye bwenzi la wosauka. Ndi yoyera ngati siliva, yolimba, yosachita dzimbiri msanga, ndipo ndi imodzi mwa zotsika mtengo. Ndi yomwe ija imawala pa mahandulo ndi pa belu la njinga, ndipo aliyense wodziwa mmene njinga za kuno zimavutikira pa msewu wa ku Mwami angathe kuiyamikira. Mnyamata woyamba kumene ntchitoyi ayambe ndi chrome. Pamwamba pa zonse pali rhodium, mbale wake wa platinum, imene yambiri imakumbidwa ku South Africa. Imawala koposa chrome ndipo sida, koma ndi yodula: mu Marichi 2021 magalamu 31 okha anapitirira madola 25,000, kuposa golide kakhumi.

Za maonekedwe tisachulutse mau, poti maso ndi a mwini. Mlombwa wofiirira umagwirizana ndi mtundu wa golide. Phingo wakuda bii amakoma ndi chrome kapena rhodium. Mwa njira, ngakhale malangizo a m'buku la Misa amadziwa nkhani yathuyi: amati ziwiya zopatulika zikapangidwa ndi chitsulo chochita dzimbiri kapena chochepa mtengo kuposa golide, zikutidwe ndi golide m'kati mwake, ndipo amatchulanso mitengo yolimba ngati yololedwa kumene Maepiskopi avomereza. Osamala za ku sakristiya akumbukire kuti chikho chotero sachikwecha ndi Brasso kapena phulusa, chifukwa amachotsa golide yemweyo. Cholembera chokutidwa chimodzi-modzi: kansalu kofewa kouma n'kokwanira.

Pansi pa golide ndi chrome opanga amakonda kuyala nickel. Anthu ena khungu lawo silimvana ndi nickel, amatuluka zidzolo zoyabwa. N'chifukwa chake maiko a ku Ulaya anaika lamulo mu 1994 lochepetsa nickel pa zinthu zokhudza khungu nthawi yaitali. Chokutira cha pamwamba chikatha, ndi nickel imene zala zimagwira.

Wina angaganize zokuta yekha kunyumba ndi batire ya galimoto. Tikuti ai ndithu. Madzi okutira golide nthawi zambiri amakhala ndi cyanide, chiphe choopsa, ndipo asidi wokutira chrome amayambitsa khansa. Zotere sizikhala pa khonde pamene ana amasewera, kapena pafupi ndi chitsime.

Mtengo nawonso uli ndi malamulo ake. Titaona mukula ukutha m'nkhalango zathu, mu 2019 unalembedwa pa mndandanda wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa maiko, ndipo mu 2022 msonkhano wa ku Panama unaonjezapo abale ake onse a mu Afrika, mlombwa womwe. Wofuna kutumiza zolembera kunja ayambe wafunsa ku ofesi ya za nkhalango, ndipo asadule mtengo chifukwa cha cholembera pamene zidutswa zili mbwee kwa kalipentala mnzake. Pogulitsa, alembe pa kapepala dzina la mtengo ndi la chokutira: "mlombwa ndi chrome", "phingo ndi titanium". Ngati ndi golide wa makarati 24, amuuziretu wogula kuti ndi cholembera chosainira m'buku la ukwati ndi kubwezera m'bokosi, osati choyenda nacho m'thumba masiku onse.